Mmene tinaphunzitsira kagalu kathu kudzithandiza panja

Kwathu kuno anthu ambiri amati galu ndi wa panja, ndipo sakunama. Agalu amene ndinakula nawo kumudzi ku Thyolo ankagona pakhonde kapena pansi pa nkhokwe, akafuna kudzithandiza ankangolowera kuthengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Panalibe wowaphunzitsa chilichonse. Kutauni n'kwina. Ife timakhala ku Chimwankhunda m'nyumba ya lendi, mumpanda umodzi ndi amayi eni nyumba. Bwalo lake ndi laling'ono, poyanika zovala m'pomwenso ana amasewerapo, ndipo thengo loti galu n'kukabisalako kulibe. Pamalo otere galu wosaphunzitsidwa, kaya akugona m'nyumba kaya panja, amayambanitsa anthu.

Kagalu kathu tinakatenga mu June kali ndi masabata 8, kwa mnzawo wa kuntchito wa abambo akunyumba. Kanali kachikuda, kakakazi, ka mawangamawanga, ndiye ana anakatcha Nkhanga. Sitinaganizepo zoweta galu wa pasofa ayi. Chinatichititsa kumulowetsa m'nyumba miyezi yoyambayo ndi chiperoni cha ku Blantyre, chimene chimatha kupha kagalu kongochoka kumene kwa make, komanso anthu akuba tiagalu, poti mpanda wathu si wautali kwenikweni. Panalinso nkhani ya parvo, matenda otsegula m'mimba amene amatha tiagalu tosabayitsa. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo katemera wake amabaya kangapo, kuyambira pa masabata 6 kapena 8, kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi, mpaka kagalu katafika masabata 16. Asanamalize katemerayo sitinkafuna kuti aziyendayenda kugeti kumene agalu a m'makwalala amanunkhizako.

Tsiku lokabayitsa katemera dokotala wa ziweto anatifotokozera chinthu chimene chinandithandiza kuposa china chilichonse: kagalu kakakodza m'nyumba si mwano, thupi lake silinakhwime moti n'kusunga mkodzo. Odziwa za agalu amawerengera kuti mwezi uliwonse wa msinkhu ndi pafupifupi ola limodzi. Ka miyezi iwiri kangapirire maola awiri, ka miyezi itatu maola atatu, ndipo pamenepo n'kuti kakugona kapena kali phee. Kakamathamanga ndi ana, mphindi 20 kapena 30 zakwana kale. Ambiri amayamba kudzigwira bwino pakati pa miyezi 4 ndi 6, ena mpaka chaka. Ali ngati mwana wa thewera basi. Nditamva zimenezi ndinaona kuti wofunika kusunga nthawi ndine, osati galu.

Pakhomo pano si onse anaziona choncho. M'mawa wina Nkhanga anachita chimbudzi pakhonde, pafupi ndi pamene amayi eni nyumba amadutsa popita kumpopi. Anaima, n'kuyang'ana, n'kundiitana.

"Inu amake mwana, tabwerani. Galu saleredwa chonchi. Mugwireni pakhosi, mumukhudzitse mphuno pa zakezo, mumuthire kachikoti kamodzi. Sadzabwerezanso. Mtengo amauongola udakali waung'ono."

Ndinangoti, "Ndamva amayi, pepani, ndichotsa pompano." Munthu wamkulu, komanso mwini malo, sungatsutsane naye pabwalo. Madzulo ake abambo akunyumba nawo anali mbali yomweyo. "Mayi, amayiwa sakunama. Ifenso kwathu tinkatero." Ine ndinati, "Bambo, tandipatsani mpata kaye mpaka mwezi uthe. Zikakanika tidzakambirananso."

Chifukwa chimene ndinakanira kumenya si chisoni chokha. Kumenyako sikuphunzitsa chimene timaganiza kuti kukuphunzitsa. Galu amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene akuchita nthawi yomweyo, m'masekondi ochepa chabe. Mukapeza mkodzo umene anakodza ola lapitalo n'kumukokera pamenepo, iye sakudziwa kuti mlandu wake ndi mkodzowo. Akungoona munthu wakwiya. Kupinda mchira kuja ndi kuzyolika, kumene ife timati "waona, akudziwa kuti walakwa," ndi mantha basi, amatero ngakhale atakodza ndi mphaka. Ndipo mukamupezerera akukodza n'kumumenya, chimene amatolapo n'choti kukodza pamaso pa munthu n'koopsa. Achemwali anga ku Bangwe ali ndi galu amene analeredwa ndi chikoti. Sanasiye kudzithandiza m'nyumba, anangophunzira kubisala. Ankalowa pansi pa bedi la alendo, anthu n'kumadzazindukira ndi fungo. Ukamutulutsa panja ankangokuyang'ana, osachita kanthu, kudikira kuti uchoke. Galu wotere kumukonza kwake n'kovuta kuposa kagalu kosadziwa kalikonse.

Ndiye tinayamba ndi malo. Tinasankha kakona kuseri kwa nyumba, kutali ndi mpopi komanso kutali ndi kadimba ka mpiru ka amayi eni nyumba, ndipo ndinayamba ndakawapempha kaye. Tinathirapo mawilibala awiri a mchenga. Mchenga ndi wabwino chifukwa madzi amalowa msanga, ndipo chimbudzi chimatoleka bwino ndi fosholo. Kasanza kamene ndinapukutira mkodzo wake woyamba ndinakasiya pamenepo, n'kukapsinja ndi mwala, kuti fungo lizimuuza kuti malo ake ndi ano. Tiagalu ta msinkhu wa miyezi iwiri ndi pamene timazolowera mtundu wa pansi pamene tizidzithandizira. Kakazolowera mchenga kazifuna mchenga, kakazolowera simenti kazifuna simenti. N'chifukwa chake nyuzipepala zoyala m'nyumba, zimene ena amalangiza, ine sindinazifune. Zimathandiza anthu okhala m'nyumba zosanja opanda bwalo, koma kwa ife n'kungophunzitsa galu kuti m'nyumba ndi mololedwa, kenako n'kudzayambanso kumuletsa.

Nthawi zomutulutsa sizivuta kuzisunga m'mutu. Akangodzuka, kaya m'mawa kaya tulo ta masana, panja. Akangodya, panja, chifukwa chakudya chikalowa m'mimba matumbo amayamba kuyenda, ndipo pakati pa mphindi 5 ndi 30 chimbudzi chimabwera. Akamwa madzi ambiri, akamaliza kusewera, tisanagone, panja. Kupatula apo, masabata oyambawo ola lililonse ali maso ndinkamutulutsa ngakhale asanaonetse chizindikiro. M'mawa ndinkachita kumunyamula kuchokera m'khola lake logonamo mpaka pamchenga, chifukwa ukamusiya kuti ayende yekha sankafika n'komwe pachitseko. Atakulako ndinayamba kumumanga kachingwe n'kumayenda naye, njira yomweyomweyo, chitseko chomwechomwecho cha kukhitchini.

Tikafika pamchengapo ndinkangoima chilili, osamuseweretsa, osamulankhulitsa zambiri. Akayamba kunyonyomala ndinkanena motsitsa mawu kuti "chita msanga," mawu omwewo nthawi zonse. Akangomaliza, asanasunthe n'komwe, ndinkamuyamikira mokweza, "Eya Nkhanga! Wakhoza!" n'kumupatsa kausipa kamodzi. Usipa wouma ndinkaumanga pamfundo ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo, kuti usandisowe. Zovala zanga zinkanunkha nsomba, ndipo mphaka wa amayi eni nyumba anayamba kundilondola paliponse, koma ntchito inkayenda. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya: amadikira galu abwerere m'nyumba ndiye n'kumupatsa mphotho pakhomo. Galuyo amaona ngati mwamulipira chifukwa cholowa m'nyumba, ndiye mawa amathamangira kulowa asanamalize. Mphotho iperekedwe pamchenga pomwepo. Komanso musamangotsegula chitseko n'kumukankhira panja yekha. Kagalu kakakhala kokha kunja kamathamangitsa agulugufe, kamaluma masamba, kamaiwala chimene katulukira, kenako kakalowa m'nyumba mofunda m'pamene kamakumbukira.

Akapanda kuchita kanthu patatha mphindi ngati zisanu, ndinkamubwezera m'khola, n'kudzayesanso patapita mphindi 15. Ufulu woyendayenda pabalaza unali wa galu amene wadzithandiza kale basi.

Khola limeneli ndilifotokoze bwino, poti ena akamva khola amaganiza za ndende. Tinapangitsa kwa kalipentala wa m'mbali mwa msewu, la matabwa a mapaleti ndi waya wa khola la nkhuku, lokhala ndi kachitseko. Kukula kwake n'kongokwanira kuti galu aime, atembenuke ndi kugona motambasuka. Likakula kwambiri, amagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi. Chinsinsi chake n'choti galu mwachibadwa safuna kuipitsa pogona pake, ndiye akakhala m'malo aang'ono amayesetsa kudzigwira ndipo amalira kuti mumutulutse. Mkati tinayalamo bulangete lakale ndi juzi yakutha ya mwana wanga wamkulu. Tinkamudyetsera momwemo kuti azilikonda, ndipo ana ndinawaletseratu kumuponyamo ngati chilango kapena kumugwedezera khola akagona. Koma khola limagwira ntchito pokhapokha mukumutulutsa pa nthawi yake. Mukamutsekera maola oposa amene thupi lake lingapirire, amakodza momwemo, n'kugona pamkodzo, ndipo akazolowera zimenezo chibadwa chija chimatha. Tiagalu timene amagulitsa m'makatoni m'mbali mwa msewu, kapena tokulira m'khola losasesa, timavuta kuphunzitsa pa chifukwa chomwechi.

Usiku ndi umene unandiyesa. Khola tinaliika m'kakhonde ka mkati, pafupi ndi chitseko cha kuchipinda kwathu kuti ndizimumva. Chakudya chomaliza ankadya dzuwa likulowa, madzi ndinkachotsa patatsala maola awiri kuti tigone, ndipo cha m'ma 10 koloko ndinkamutulutsa komaliza. Foni ndinkatchera kuti ilire cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku. Tangoganizani July wa ku Blantyre, chifunga chatsika kuchokera ku phiri la Soche, kamvula kowaza kaja kali waa, magetsi azima, ine ndavala jekete la abambo pamwamba pa chitenje, dzanja lina tochi ya pafoni, dzanja lina kagalu konjenjemera. Agalu a m'dera lonse akuuwa, iye makutu ali njo kumvetsera, osanyonyomala. Ndimaima pamenepo mano akugundana, kumangoti "chita msanga, chita msanga" monong'ona kuopa kudzutsa eni nyumba. Akachita, usipa, kenako molunjika m'khola. Usiku sindinkamuseweretsa ngakhale pang'ono, magetsi akakhalapo sindinkayatsa onse, chifukwa akazindikira kuti kulira usiku kumabweretsa masewera ndiye kuti tulo mwatsanzikana nato. Pang'ono ndi pang'ono ndinkasunthira nthawi ya foniyo chakum'mawa, ndipo atayandikira miyezi inayi anayamba kugona mpaka 5 koloko. Nthawi yotentha ya October madzi ndinasiya kuchotsa usiku, poti ludzu la nthawi imeneyo si lamasewera, ndipo apo n'kuti akutha kudzigwira.

Masana ntchito inali ya maso. Zitseko za kuzipinda zonse zinkakhala zotseka, iye n'kumakhala kumene kuli munthu. Ndikamasankha mpunga kapena kuchapa ndinkamumangirira kachingwe kumwendo wa mpando pafupi nane, kutali ndi mbaula. Kagalu kasanadzithandize kamaonetsa, kungoti mofulumira. Nkhanga ankasiya masewera mwadzidzidzi, mphuno pansi, n'kuyamba kuzungulirazungulira, mchira utakwera pang'ono, kapena ankalowera kuseri kwa sofa mwakachetechete. Ukaona zimenezo uli ndi masekondi owerengeka. Ndikamupezerera wayamba kale, ndinkaomba m'manja kamodzi, "Ayi, panja!", osati mokalipa koma mongomudzidzimutsa, n'kumunyamula kuthamangira pamchenga. Akakamalizira kumeneko ankalandira usipa wake monga mwa masiku onse. Ndikapeza zitachitika kale, ndinkangotenga chikolopa osanena kanthu.

Kukolopako nakonso kuli ndi nzeru yake. Mphuno ya galu imamva fungo limene ife sitingalimve ngakhale titagwada, ndipo pamene pakununkha mkodzo wake iye amapaona ngati chimbudzi chake. Pansi pathu ndi pa simenti yopaka Cobra wofiira, ndipo pali ming'alu ingapo imene imamwa mkodzo. Ndinkayamba ndaumitsa mkodzowo ndi sanza, osaupaka ponseponse, kenako kutsuka ndi madzi a sopo waufa, kenako kuthirapo viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, n'kusiya kwa kanthawi. Pakauma, m'ming'alumo ndinkawazamo soda, yemwe uja timathira m'therere, n'kudzasesa mawa lake. Mankhwala otsukira okhala ndi ammonia musagwiritse ntchito, werengani pabotolo, chifukwa mkodzo ukamawola umatulutsanso ammonia, ndiye kwa galu zimakhala ngati mwamulembera chikwangwani choti bwera udzakodze pano. Jik musathire pa mkodzo weniweniwo kapena kumusakaniza ndi viniga, zimatulutsa mpweya wopweteka m'maso ndi m'chifuwa. Jikiyo ndi wabwino pophera tizilombo pamene panali chimbudzi, mutatsukapo kale ndi kutsukuluza. Mphasa ndi kapeti ndinazipinda n'kuzisunga kuchipinda mpaka maphunziro atatha. Mphasa ikamwa mkodzo fungo limalowa m'bango, kuchapa kwake n'kovuta.

Zakudya zimagwirizana kwambiri ndi nkhaniyi. Chakudya chikamalowa pa nthawi yodziwika, chimatulukanso pa nthawi yodziwika. Nkhanga ankadya kanayi patsiku mpaka miyezi itatu, kenako katatu mpaka miyezi 6, panopa kawiri. Mbale ikakhala pansi mphindi 15 ndinkaichotsa, wamaliza kapena sanamalize. Chakudya cha m'matumba cha tiagalu n'chodula, sitinkakwanitsa nthawi zonse, ndiye ndinkamuphikira phala la mgaiwa lolimbako, n'kusakaniza ndi bonya wosinja, dzira lophika, masamba pang'ono kapena dzungu, popanda mchere, anyezi kapena tsabola. Anyezi ndi poizoni kwa agalu, amawononga magazi, choncho msuzi wotsala wa ndiwo zathu si wabwino monga timaganizira. Gaga yekha wophika ndi madzi, amene ambiri amadyetsa agalu, amadzaza mimba koma kagalu kamachita chimbudzi chambiri ndiponso chofewa, ndipo sikakula bwino. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Izi tinaziona agogo awo a ana atabwera kudzacheza n'kumupatsa kapu yonse ya mkaka chifukwa cha chifundo. Usiku umenewo palibe anagona. Kagalu kotsegula m'mimba sikangadzigwire ngakhale kataphunzira chotani, ndiye mukasintha chakudya muzisintha pang'onopang'ono, kusakaniza chakale ndi chatsopano kwa masiku angapo.

Njoka za m'mimba nazo zimasokoneza. Tiagalu tambiri timabadwa nazo kapena timazitenga poyamwa, n'chifukwa chake mankhwala ake amapereka masabata awiri alionse mpaka kagalu katakwana masabata 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Nkhani ya njokayi ndi imene inachititsa kuti amayi eni nyumba ayambe kuona phindu la kakona ka mchenga kaja, poti ali ndi kamdzukulu kokwawa kamene kamaika chilichonse m'kamwa. Mazira a njoka za agalu amatuluka ndi chimbudzi, ndipo amafuna masabata awiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti akhale oopsa kwa munthu. Mwana akadya dothi limenelo akhoza kudwala, nthawi zina mpaka kuwonongeka diso. Palinso mtundu wina umene timphutsi take timaboola khungu la phazi la mwana woyenda wopanda nsapato, n'kusiya kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa kwambiri. Ndiye galu akamadzithandiza pamalo amodzi, inu n'kumatola tsiku lililonse, mwadula njira yonseyo. Ife timatola ndi fosholo yakeyake n'kukataya m'chimbudzi chokumba chimene chili kuseri, osati kudzala kumene nkhuku zimapalasa, ndipo ana amadziwa kuti pamchenga paja saseweretsapo. Amene galu wanu amagona panja, chigawo ichi chokha n'chokwanira kuti mumuphunzitse.

Chinandivuta kuposa galu mwiniwakeyo ndi anthu a m'nyumba. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe masiku ena pa sabata, ndipo masiku amenewo pakhomo pamatsala mwana wa achemwali amene timakhala naye, ndi ana akaweruka kusukulu. Ndikabwera madzulo ndinkapeza mkodzo pabalaza, aliyense akuloza mnzake. Wina amatulutsira galu kukhomo la kumaso, wina amamupatsa usipa chifukwa choti wamuyang'ana momvetsa chisoni, wamng'ono amamugawira mandasi pansi pa tebulo. Ndinatenga katoni, n'kulembapo nthawi zodyera ndi zotulukira, n'kuikhoma pachitseko cha kukhitchini, pambali pake n'kumangirirapo pensulo. Aliyense akatulutsa galu ankachonga n'kulemba ngati wakodza kapena wachita chachikulu. Ana anayamba kupikisana, ndipo papepalapo tinaona chinthu chimene sitinkachidziwa: Nkhanga m'mawa amachita chimbudzi kawiri, koyamba akangodzuka, kachiwiri patapita kanthawi atadya. Ngozi zambiri za m'mawa zinali za ulendo wachiwiriwu. Titangouwonjezera pandandanda zinatha.

"Amayi, lero Nkhanga wapita yekha pachitseko n'kumakanda!" Mwana wanga wamkulu anandichingamira ndi mawu amenewa pageti tsiku lina chakumapeto kwa August. Ngakhale zinali choncho sindinafulumire kumutsegulira nyumba yonse. Tinkamuwonjezera chipinda chimodzi chimodzi, chifukwa galu akaphunzira kuti pabalaza sakodzapo sizitanthauza kuti wadziwanso za kuchipinda. Chipinda chimene salowamo kawirikawiri amachiona ngati kunja.

Ngati kwanu nonse mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kagalu musakatsekere m'khola laling'ono tsiku lonse, ndiponso musakamangirire pa tcheni padzuwa. Tchingani kachigawo ka bwalo ndi waya, pakhale mthunzi ndi madzi, pogona mbali ina, mchenga mbali ina kutali ndi mbale zake. Kazisankha kokha kupita pamchengapo. Maphunziro amachedwerapo koma amatheka, makamaka mukalimbikira m'mawa, madzulo ndi Loweruka ndi Lamlungu.

Pali mkodzo wina umene si wa maphunziro konse. Abambo akunyumba akamafika madzulo, Nkhanga ankathamanga kukawalandira, n'kugona chagada, timadontho ta mkodzo n'kumatuluka. Iwo ankakwiya, "Taonani galu wanuyu, mpaka pansapato zanga!" Akakweza mawu m'pamene ankakodza kwambiri. Umenewu ndi mkodzo wa chisangalalo chosakanikirana ndi mantha, ndi njira ya kagalu yosonyezera kuti kakudzichepetsa pamaso pa wamkulu, ndipo sikadziwa n'komwe kuti kakukodza. Tinagwirizana kuti akamafika asamamuyang'ane kapena kumuweramira, ayambe akhala pansi, avule nsapato, iye akadekha ndiye amusisite pachifuwa atanyonyomala chammbali. Alendo tinkawalandirira panja. Zinachepa zokha iye akukula, ndipo lero ndi abambo omwewo amene amamusungira mafupa aakulu a ng'ombe ochokera kubutchala.

Koma galu amene anali ataphunzira bwino akayamba mwadzidzidzi kukodza pafupipafupi timadontho, kuchita kudzikakamiza, kapena mkodzo ukaoneka wa magazi, amenewo akhoza kukhala matenda a m'chikhodzodzo, amene amagwira kwambiri agalu aakazi. Kagalu kakamasanza, kukana kudya, kufooka ndi kutsegula m'mimba mwa magazi monunkha kwambiri, musadikire mawa, imeneyo ikhoza kukhala parvo ndipo imapha m'masiku ochepa. Ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe kuli LSPCA, omwe ndi mabungwe osamalira ziweto, ndipo m'maboma muli alangizi a ziweto. Mukapita kumeneko funsaninso za katemera wa chiwewe, amene wathuyu analandira atakwana miyezi itatu. Kuyambira 2015 a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere mumzinda wa Blantyre, ndipo chaka choyambacho anabaya agalu oposa 35,000. Galu amene akukhala pafupi chonchi ndi ana sayenera kuphonya.

Pofika October tinkaona ngati tamaliza. Kenako mvula yoyamba inagwa mu November, ya mabingu ndi mphepo, ndipo Nkhanga, amene anali asanaonepo mvula yeniyeni chibadwire, anakaniratu kuponda panja. Ankafika pachitseko, n'kuyang'ana madzi akutsika padenga, n'kubwerera. Anayamba kudzithandiza pakhonde, tsiku lina mpaka kukhitchini. Zoterezi zimachitika, kusintha kwa nyengo, kusamuka nyumba, kubwera kwa mwana wakhanda kapena galu wina, zonsezi zimatha kubweza galu m'mbuyo. Mankhwala ake ndi kubwerera pachiyambi kwa kanthawi: chingwe, ambulera, usipa pamfundo ya chitenje, zitseko zotseka. Abambo anazika mitengo inayi pakakona paja n'kukhomapo lata lakale limene amayi eni nyumba anatipatsa okha, ndipo tinawonjezera mchenga kuti pakwere, madzi asamadikhepo. Kuchokera pakhomo la kukhitchini tinayala njerwa zoponda. Atapeza kuti pamchenga pake m'pouma anayambiranso kupita yekha, ngakhale kuti mabingu akamagunda mpaka lero amafuna munthu womuperekeza.

Chakumayambiriro kwa chaka anayambanso kukodza pafupipafupi, pang'onopang'ono, m'mbali mwa mpanda monse. Uku kunali kuyandikira nyengo yake yoyamba yofuna amuna, imene agalu aakazi ambiri amayamba pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo mkodzowo ndi uthenga kwa agalu amphongo. Anabweradi, usiku uliwonse kumenyana pageti, amayi eni nyumba osagona. Nyengoyo imatha pafupifupi masabata atatu, ndipo nthawi yonseyo tinkamutulutsa ali pachingwe basi. Itadutsa tinadikira miyezi ingapo monga anatilangizira dokotala, kenako tinakamutseketsa kuti asabereke. Atachoka ku opaleshoni khola lija linagwiranso ntchito, ngakhale tinachita kulikulitsa. Kwa masabata awiri ankatuluka pachingwe kupita pamchenga n'kubwerera, osathamanga kapena kudumpha, ndipo mchengawo tinathira watsopano kuti bala lisalowe dothi mpaka atachotsa ulusi.